Ulendo wa ku Chongoni ndi ndalama za mpanda zija

Atcheya andipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Dedza, kuti anzathu amene simunapite nawo, makamaka inu amene mumatumiza chopereka chanu muli ku Joni ndi ku Mangalande, mudziwe mmene tinayendera. Ndavomera chifukwa ndine msungichuma, ndipo ndalama zanu sizikupita kumene tinagwirizana poyamba. Ndi bwino mumve kwa ine chifukwa chake.

Mukukumbukira mmene nkhaniyi inayambira. Mmodzi wa ife anatumiza pa WhatsApp chithunzi cha phanga lina la ku Chongoni, pamene ana analemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo. Tonse tinapsa mtima. Pamsonkhano wotsatira sipanakhale wotsutsa: zosonkha za chaka chino zigule waya, mapaipi ndi simenti, timange mpanda, tiike geti ndi loko, ndiponso chikwangwani chosonyeza dzina la gulu lathu. Ineyo ndinali nditayenda kale m'mashopu kufunsa mitengo, ndipo tsiku la ulendo kapepala kake kanali m'chikwama mwanga.

Tinanyamuka ku Lilongwe Loweruka mbandakucha, anthu 14 m'minibasi imodzi. Kuchoka mumzinda kukafika pa boma la Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1, ndipo munthu ukamapita umamva kuti ukukwera, chifukwa mphepo yolowa pawindo imanka nizizira. Chimene chinandikhala mumtima panjira ndi njinga za makala. Kuyambira pa Nathenje mpaka titawoloka Diamphwe tinkangokumana nazo, wina matumba atatu, wina anayi, atawamanga mpaka kupitirira mutu wake, thukuta lili kamukamu m'mawa wozizira ngati umenewo. Onse akulowera kumene ife tinkachokera. Amayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anati, "Awa akupititsa kwathu." Ndinangoti zoona, poti nanenso mbaula yanga ndimayatsa tsiku lililonse.

Titasiya tala tinalowa msewu wafumbi wopita cha ku sukulu ya zankhalango, Malawi College of Forestry and Wildlife. Mu September mitengo ya miombo imakhala ikuphuka, masamba ake ofiira ngati awaviika m'magazi, ena achikasu, ena atayamba kubiriwira. Phiri linali lokongola kwabasi. Koma pansi pake panali bii, lupsa atadutsa kale, ndipo malo ena panangotsala zitsa.

Tisanakwere tinayamba tafika kwa anyakwawa kukapereka moni. Anatiyalira mphasa, tinafotokoza chimene tabwerera, iwo n'kutipatsa bambo wina wodziwa mapanga kuti atiperekeze. Agogo ena aakazi amene anakhala chapatali akusenda chimanga anati nawonso apita nafe. Tinayesa kuwaletsa poona msinkhu wawo. Anangomanga chitenje n'kutsogola, ndipo pachitunda ndi iwo ankatidikira ife.

Chongoni si phanga limodzi ayi. Ndi malo 127 okhala ndi zojambula, omwazikana m'mapiri a miyala pa dera la masikweya kilomita oposa 126. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi imene inalowa mu 1984. Phiri la Mulanje linalowa mu 2025. Ife tinali ndi tsiku limodzi lokha, choncho tinasankha phanga la Chentcherere, kumene katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba mu 1972.

Chithunzi cha pafoni sichikukonzekeretsa. Thanthwe lalikulu limaweramira kutsogolo ngati khonde, ndipo ukalowa pansi pake kamphepo kamakulandira. Maso akazolowera mthunzi umayamba kuona zoyera, zambirimbiri, zina pamwamba pa zinzake. Zambiri zili ngati chikopa cha nyama chimene achitambasula pansi, miyendo inayi uku ndi uku, mchira pansi, thupi lili mathothomathotho. Ndinayandikira kwambiri mpaka ndinaona pamene chala cha munthu chinadutsa ndi dothi loyeralo, mzere wake wonenepa ngati chala changa chomwechi. Munsi mwa zoyerazo, ukayang'anitsitsa, muli zofiira zofufuma, timizere ndi tozungulira. Otiperekeza anati zofiirazo ndi za Akafula, aja agogo athu ankawatcha Amwandionerapati, alenje amene ankakhala m'mapiri muno alimi asanafike. Zoyerazo ndi za Achewa, ndipo ankazijambulabe mpaka m'zaka za m'ma 1900. Anatiuzanso kuti kuphanga lina la Namzeze kuli zina za zilombo za gule, koma kumeneko nthawi sinatilole kufika.

Mayina a makala aja analipodi. Wina analemba dzina lake ndi kalasi yake. Wina anajambula mtima. Mtima wanga unawawa koposa mmene unawawira nditaona pafoni, ndipo ndi pomwepo ndinatulutsa kapepala kanga n'kuyamba kufotokozera otiperekeza za mpanda, ndikuloza ndi dzanja mmene ungadutsire.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mayi, tabwerani muone kuno." Ananditengera chakumapeto kwa thanthwe n'kundisonyeza mzere wakuda wotsika kuchokera pamwamba, pamene madzi a mvula amayenderera, ndipo zojambula zimene zinali panjira yake zinafufutika. Anandisonyeza mwaye pamene wina anakoleza moto pobisala mvula. Kunja anatola kachibenthu ka mwala kopyapyala ngati mbale, nati moto wa tchire ukafika pafupi, mwala umatentha n'kumasendeka chonchi. Ndiye analoza zitsa zitatu patsogolo pa phanga. Anati mitengo imeneyo ili moyo, dzuwa ndi mvula yamphepo sizinkalowa mkati. "Makalawa akatswiri atha kuchotsa," anatero. "Koma mwala ukasendeka wapita ndi chojambula chake. Nanga waya atchinga moto?"

Ndinalibe choyankha. Anawonjezera kuti waya woikidwa paphiri popanda mwini sakhalitsa, mawa umakamupeza pakhola la mbuzi kapena atasanduka misampha, ndiponso kuti malamulo salola munthu kumanga, kukumba kapena kupukuta chilichonse pamalo otere popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Zimenezi ife m'misonkhano yathu yonse sitinaziganizeko.

Apa agogo aja, amene nthawi yonseyi anangokhala pamwala, anati, "Abambo, tatipatsani mpata pang'ono." Amuna onse anatsika kukakhala pamthunzi, tinatsala amayi asanu ndi atatu. Tinadziwa tsopano kuti agogowo ndi anamkungwi. Anaimirira, nayamba kuloza zojambula zoyera zija chimodzichimodzi, akutchula tanthauzo lake, penapake akuimbako kanyimbo motsitsa mawu. Zimene anatiuza sindilemba pano, chifukwa ndi za kuchinamwali. Ndingonena kuti amayi ena amene anavinidwa kumudzi kwawo cha ku Mitundu anagwira pakamwa, nati nyimbo imodziyo anaiimbapo ali mtsikana. Kufikira nthawi imeneyo ine ndinkaona phangalo ngati chinthu cha anthu amene anatha kalekale. Apo ndinali nditaima m'chipinda chophunzitsira, mphunzitsi wake ali pambali panga.

Nditawafunsa za geti, anandiyang'ana nati, "Mwanangu, kiyi wake azikasunga ndani? Inu ku Lilongwe?" Anati ana amene amalemba ndi makalawo ndi adzukulu awo omwe, amabwera kuno ndi mbuzi, ndipo palibe anawauzapo kuti pamwalapa pali dzanja la agogo a agogo awo. Kusukulu amamva za malowa ngati funso la pamayeso basi.

Titatsika anatitengera kudimba kumbuyo kwa mudzi, kumene anthu ochepa anayamba okha nazale. Ndinagwada kuti ndione bwino. Mbande zinali m'mapepala a shuga, m'timapaketi ta mkaka ndi m'mabotolo odula pakati, chifukwa machubu alibe. Munali mthethe, nsangu, mbawa pang'ono, ndi timitengo ta masuku tochepa timene anati timavuta kumera ndipo timakula mochedwa. Kothirira kanali kachitini koboola ndi msomali. Mtsikana wina ankatunga madzi pachitsime ndi ndowa yothonya. Anati cholinga chawo n'chakuti khomo lililonse likhale ndi kamunda ka mitengo yankhuni, anthu asiye kukwera phiri ndi nkhwangwa, komanso kuti chaka ndi chaka azilambula njira yotchinga moto kuzungulira mapanga udzu usanaume.

Nkhomaliro tinadyera pomwepo, nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mbatata ya kachewere imene Dedza amatchuka nayo. Titatha kudya tinachita msonkhano wathu pansi pa mtengo wa mango, ndipo sindibisa, sunali wophweka. Achimwene ena amene akhala akusonkha mokhulupirika chiyambire gululi anati anthu anapereka ndalama zawo pa mpanda, ndipo kusintha tili kuno ndi kuwalakwira amene kulibe. Anatinso mpanda umaoneka, ukhoza kuujambula n'kutumizira anthu, pamene mbande zina zimafa, zina mbuzi zimadya, ndipo pakatha zaka ziwiri osonkha adzafunsa chimene ndalama zawo zinachita. Mawu awo ndi oona, ndipo ndawalemba monga anawanenera. Ine ndinayankha kuti ndi ineyo ndinali patsogolo pa nkhani ya mpanda, koma nditaona mwala wosendeka uja sindingathe kusaina kuti ndalama zipite ku waya. Alembi anakumbutsa kuti popanda chilolezo sitingamange n'komwe. Ndiponso dzina lathu pachikwangwani, pamalo pamene anamkungwi akadali moyo, kwa ine zinayamba kundichititsa manyazi.

Tinavota. Anthu 11 anavomera kusintha, awiri anakana, mmodzi sanaimike dzanja. Tinagwirizana kuti tisatulutse khobidi mpaka inu amene munalibe mutanena maganizo anu, koma chimene tikupempha ndi ichi. Gawo lalikulu ligule machubu, makheni othirira, wilibala, makasu ndi zikwanje zolambulira njira ya moto, tikapereke pamaso pa anyakwawa ndi komiti ya nazale, zonse zitalembedwa m'kaundula. Gawo lina likhale lotengera ana a sukulu zoyandikana nazo kuphanga teremu iliyonse, otiperekeza aja ndi agogo aja akawafotokozere zimene zili zololedwa kuti ana amve, ndipo awiriwo tiziwathokoza ndi kangachepe. Za makala aja, alembi alemba kalata ku nthambi ya boma ija kufunsa ngati akatswiri awo angabwere kudzachotsa, ife tithandize mayendedwe. Aliyense asayese kukapukuta yekha, chifukwa dothi loyeralo limachoka ndi madzi.

Nthawi ikuthamanga. Nyengo yobzala mitengo imayamba mu December, ndipo kuti mbande zikhale zitakula pofika mvula, machubu akuyenera kufika kumudziko mwezi uno usanathe. Chonde yankhani pofika Lachisanu. Amene sakugwirizana nazo anene momasuka, ndipo amene akufuna kuti chopereka chake chibwezedwe andiuze, ndibweza chonse. Malisiti a minibasi ndi chakudya ndatumiza kale kwa alembi. Ulendowu aliyense analipira m'thumba mwake, thumba la gulu silinakhudzidwe.

Tidzabwereranso mu January kukabzala nawo, ndipo ulendo umenewo tidzayambira ku Namzeze. Agogo aja anati tidzabwere ndi ana athu aakazi.