Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Bulangete la Amayi

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lathali, makamaka inu mayi a ku Mchinji amene munati munalephera kumaliza kuwerenga za maliro. Ena mwakhala mukufunsa kuti kamphaka ndinakatchula kaja kanathera kuti. Lero ndi tsiku lake.

Paja titaika amayi, ine ananditenga azakhali a ku Bembeke, achimwene n'kupita kwa amalume ku Lizulu. Munali mu June. Amene munagonako ku Dedza mukuchidziwa chisanu chake, madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Ndinanyamuka ndi kajumbo ka zovala ndi bulangete la amayi, lofiira lija.

Kamphakako ndinakapeza kuseri kwa nkhokwe. Make anali atagwidwa ndi agalu, tinzake tiwiri titauma kale. Kanali ka masabata atatu mwina, maso otsegula koma kuyenda kwadzandidzandi, pomwe mwana wa mphaka amayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8 kapena kuposerapo. Ndinakapatsa mkaka wa ng'ombe pa supuni, ndipo kanatsegula m'mimba. Agogo oyandikana nafe aja ndi amene anakapulumutsa. Anati, "Mdzukulu wanga, kazizidwa aka, kaike pachifuwa. Ukakadyetsa uzikapukuta kumimba ndi kansalu kofunda, make akanamakanyambita kuti kachite chimbudzi." Kenako tinayamba kukapatsa usipa wosinja woviika m'madzi.

Usiku ndinkakabisa m'bulangete. Kankafufuza ndi mphuno mpaka kupeza ngodya imodzi, yomweyomweyo usiku uliwonse, n'kuyamba kuyamwa ubweya wake. Timiyendo takutsogolo tikupondaponda, kamanzere, kamanja, tizikhadabo tikutuluka n'kubwerera, pakhosi pakulira krrr ngati njinga yamoto ili kutali. Maso tsii. Pofika m'mawa ngodya ija inali chinyontho chokhachokha. Patapita zaka, mlangizi wina wa ziweto anandiuza kuti tiana ta mphaka timaponda choncho pa bere la make kuti mkaka utsike, ndipo tikasiyana ndi make msanga timapitiriza kuyamwa nsalu kapena khutu la mnzake, tina mpaka kukula.

Chomwe sindinauzepo munthu n'chakuti ngodya inayo inali yanga. Ndinkaikanikiza pamphuno. Munali fungo la amayi, utsi wa kukhitchini wosakanikirana ndi mafuta awo odzola. Tinkagona choncho awiriwiri, aliyense ndi ngodya yake.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza bulangete lili pachingwe, likudontha. Azakhali anali atapeza chinyontho chija. Anati mwina ndayamba kukodza pogona, apo ayi mphaka ameneyu ndi wa afiti, akundiyamwa usiku. Analichapa ndi sopo, kulimenya pamwala mpaka kufiira kwake kunasuluka. Ndinaima pomwepo, kope langa lili m'manja. Sindinalire. Ndinadikira liume, masiku awiri chifukwa dzuwa silinkatuluka, ndiyeno ndinalinunkhiza ngodya zonse zinayi, pakati, m'mphepete. Sopo basi. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva kuti amayi sadzabweranso, osati tsiku la kumanda lija.

Kwa inu asuweni amene munalemba kuti ndikunyoza amene anandilera: sindikukana, nsima ndinadya, fizi analipira. Bulangetenso linali lakuda, ndikuvomera. Koma mukanandifunsa kaye, ndikanakuuzani kuti dikirani pang'ono.

Kamphakako sikanasamale za sopo. Usiku womwewo kanapeza ngodya yake n'kuyamwa monga mwa masiku onse, ine ndikukayang'ana ndi kaduka. Azakhali anakasiya kataonetsa luso pa makoswe a m'nkhokwe. Zaka zinayi zinadutsa, ndinasankhidwa kupita kusekondale. Bulangete ndinalisiyira mphakayo, popeza anali akuliyamwabe, chimphaka chachikulu chonenepa. Za kusekondale ndi za bambo a ana anga, tikumane gawo likubwerali.