Kufuna ndi kukondwera n'zosiyana

Sabata yatha ndinatha masiku atatu pa mutu umodzi wa phunziro la ubongo, mutu wa dopamine. Ndikuphunzira unamwino kuno ku Harare, ndipo mutuwu unali woti ndiumalize madzulo amodzi. Koma ndinkati ndikawerenga ndime imodzi, dzanja lafika kale pa foni. Tsiku lachiwiri m'pamene ndinazindikira kuti bukulo likufotokoza za dzanja langa lomweli.

Ambirife tinamva kuti dopamine ndi mankhwala a chisangalalo, ndipo nanenso ndinkakhulupirira zomwezo. Ndi kemikolo imene maselo a mu ubongo amatumizirana nayo uthenga. Amene anasonyeza zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi Arvid Carlsson wa ku Sweden, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2000. Maselo opanga dopamine akamafa, munthu amadwala Parkinson's, matenda onjenjemeretsa manja aja. Izi ndinaziloweza msanga chifukwa zimabwera pa mayeso.

Zimene zinandikhazika pansi ndi za anyani a Wolfram Schultz. M'zaka za m'ma 1990 iye ndi anzake ankapatsa anyani timadzi ta zipatso kwinaku akuyeza maselo a dopamine. Timadzito tikabwera mosayembekezereka, maselo ankagunda kwambiri. Nyani atazolowera kuti nyali ikayaka timadzi tikubwera, maselo aja anasiya kulabadira timadzito n'kuyamba kugunda nyali ikangoyaka. Nyali ikayaka koma timadzi osabwera, ankazizira kuposa masiku onse. Ndiye kuti dopamine ntchito yake yaikulu ili pa chiyembekezo, pa mawu akuti "mwina pano". Kent Berridge wa ku University of Michigan anaonjezera mfundo ina. Makoswe amene anawachotsera pafupifupi dopamine yense ankanyambitabe milomo akawaikira shuga palilime, koma sankadzuka kukafuna chakudya ngakhale chili pafupi. Kukoma ankakumva, chilakolako ndicho chinatha. Zimachitikanso motembenuka: munthu akhoza kufunitsitsa chinthu chimene sichikumukomeranso.

Pamenepa ndinadziona ndekha ndili m'kombi yochoka ku Mufakose kupita m'tauni, chala chikukankha timavidiyo ulendo wonse. Ndikamatsika pa siteji ya Copacabana sindikumbukako ngakhale imodzi. Ndinaganiziranso msuweni wanga amene amabetcha mpira. Anandiuzapo kuti mtima umamuthamanga masewero asanathe, koma tsiku limene wawina ndalamazo sizimukhalitsa m'thumba, amakabetchanso. Kale ndinkangoti ndi wosamva. Tsopano ndimamumvera chisoni.

M'buku lomwelo muli kafukufuku wotchuka wa Walter Mischel wa ku Stanford, amene anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mwana ankamuikira switi imodzi patsogolo n'kumuuza kuti akadikira alandira ziwiri. Ana amene anadikira nthawi yaitali anadzaoneka kuti akukhoza bwino kusukulu atakula. Ndinawafotokozera agogo nkhaniyi tikusadzula ndiwo. Iwo anabwera kuno kuchokera ku Dedza Harare akadatchedwa Salisbury, ndipo ndinkadziwa kuti anditchulira mwambi wawo uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sanautchule. Anati, "Iwe mwana, mu 2008 amene ankadikira ndi amene ankagona ndi njala. Ukalandira ndalama m'mawa, madzulo siigulanso buledi. Nthawi imeneyo fodya wako anali uyo ali pamphuno."

Ndinati, "Ndiye agogo, mukuti kudikira kulibe phindu?"

"Kuli nalo, koma uyambe wadziwa amene wakulonjeza."

Usiku womwewo ndinapeza kuti asayansi anafikanso pamene agogo anafika. Mu 2013 Celeste Kidd ndi anzake a ku Rochester anafalitsa zotsatira za kafukufuku wofanana ndi uja, koma iwo ankayamba alonjeza ana zinthu zojambulira. Ana ena ankawabweretseradi, ena ayi. Pa switi paja, ana amene sananamizidwe anadikira pafupifupi mphindi 12, pamene onamizidwa aja anadikira pafupifupi mphindi zitatu zokha. Mu 2018 Tyler Watts ndi anzake anabwereza kafukufuku wa Mischel pa ana ambiri, ndipo atawerengera mmene mabanja awo ankapezera, kusiyana kwa kakhozedwe kusukulu pakati pa ana odikira ndi osadikira kunachepa kwambiri.

Mfundo imeneyi imandikhudza chifukwa ife tinakulira m'dziko limene linasindikizapo ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni. Mnyamata wa ku Mbare akamadya lero zonse zimene wapeza lero, tisafulumire kumutcha wopanda nzeru. Ubongo wake unaphunzira kuti nyali imayaka koma timadzi osabwera. Komatu foni ndi kubetcha nazonso zimanamiza, kungoti bodza lake limabwera pang'onopang'ono ndipo nthawi zina limakuponyera kakang'ono kuti usachoke.

Ndiye ndayamba kudzifunsa kuti ndi zinthu ziti zimene sizinandinamizepo. Kwaya yathu ya ku CCAP Loweruka masana ndi chimodzi. Ndimapita monyinyirika, koma sindinabwereko ndikudandaula. China ndi kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba, kamene agogo amati ndizithirira m'mawa madzi akakhalapo. China ndi chipereganyu cha amayi a mumzere wathu, chimene chakhalitsa chifukwa aliyense amadziwa khomo la mnzake. Palibe mwa izi chimene chimandithamangitsa mtima ndisanachiyambe. Kukoma kwake kumabwera pambuyo, ndipo kumagona nane mpaka mawa lake.

Kuyambira Lachinayi foni ndimawapatsa agogo ikakwana 7 koloko madzulo, iwo n'kuitsekera m'kabati mwawo. Usiku woyamba dzanja linapita m'thumba kasanu ndi kamodzi, ndinachita kuwerenga. Dzulo linapita kawiri, ndipo mutu wa dopamine ndinaumaliza pa nyali ya sola magetsi atazima. Mayeso ali Lolemba, ndipo kwatsala mutu wa msana ndi mitsempha yake.