Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Chithunzi chimene sichinali changa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinasamutsidwira ku chipatala chachikulu cha pa boma, nditagwira zaka zisanu ndi chimodzi pa kachipatala ka kumudzi. Lero ndikamba za mayi ena amene ndinawalakwira ndili kumeneko. Sinditchula dzina lawo, mudzi wawo kapena boma, ndipo zina ndazisintha dala. Nkhaniyi ndikuilemba iwo atandilola.

Unali mwezi wa Okutobala mu 2018, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali ku kiliniki ya ma ARV pamene sisita anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Adokotala, tabwerani mudzaone khosi ili." Ine ndine clinical officer, koma pa chipatala aliyense wovala choyera ndi adokotala basi. Pa benchi panakhala mayi a zaka za m'ma 50, atafunda chitenje m'mapewa ngakhale kunali kotentha chomwecho. Atachotsa chitenjecho ndinaona khungu lakuda bii, lokakala, long'aluka ngati matope a padambo louma, litazungulira khosi lonse ngati mkanda. Kuseri kwa manja kunali chimodzimodzi, ndipo kudako kunalekezera penipeni pamene malaya amayambira kubisa thupi. Anali atatsekula m'mimba milungu itatu. Mwana wawo wamkazi amene anawaperekeza anati, "Masiku ano akungoiwalaiwala, ndiwo akuthira mchere kawiri."

Chinali chiwawu, chimene m'mabuku athu amati pellagra. Chimabwera thupi likasowa niacin, mmodzi mwa mavitamini a gulu la B. Chimanga chili naye niacin, koma womangika moti thupi silimuyamwa bwino, choncho munthu wodalira nsima ya ufa woyera, mtedza, nyemba ndi nsomba zili zosowa, ali pa ngozi. Mkanda wa pakhosiwo uli ndi dzina, amati mkanda wa Casal, potengera dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, amene anafotokoza nthendayi mu 1735. Kuno kwathu inavuta kwambiri mu 1990 pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, pamene mtedza unasiya kufika m'misasa ndipo anthu oposa 18,000 anadwala. Zonsezi ndinaziphunzira ku sukulu, koma mkanda wooneka bwino chotero ndinali ndisanauonepo ndi maso.

Nditatsegula kabuku kawo ka kuchipatala ndinapeza chinanso. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atayamba kumwa isoniazid, mankhwala amene kuyambira mu 2017 ankaperekedwa kwa anthu a pa ma ARV m'maboma ena kuti awateteze ku TB. Ndi mankhwala abwino, apulumutsa anthu ambiri, koma amasokoneza njira imene thupi limapangira niacin wakewake. Kwa munthu amene chakudya chake n'choperewera kale, akhoza kumukankhira m'dzenje.

Ndinatulutsa foni m'thumba. "Mayi, ndijambule nawo?"

"Jambulani, adokotala."

Chilolezo chonse chimene ndinatenga n'chimenecho. Ndinajambula zithunzi zitatu, china cha manja, ziwiri za khosi ndi nkhope. Madzulo ake ndinaponya chimodzi pa gulu la WhatsApp la anzanga amene tinaphunzira limodzi, n'kulemba kuti, "Akuluakulu, ichi n'chiyani?" Mayankho anagwa ngati mvula, ine mtima uli mbee kuti ndaonetsa anzanga chachilendo.

Isoniazid tinawasiyitsa, tinawapatsa mavitamini, tinakambirana za mtedza ndi usipa. Patatha milungu ingapo m'mimba munasiya, khungu linayamba kusenda, nzeru zinabwerera. Atabweranso kudzatenga mankhwala anandibweretsera mazira asanu atakulunga m'kansalu.

Apa m'pamene njala yolemba inandigwira. Kuyambira ku sukulu ndinkawerenga Malawi Medical Journal, magazini yathu ya zachipatala yotuluka ku Blantyre, ndipo ndinkalakalaka tsiku lina dzina langa litaoneka pamwamba pa nkhani ngati zimenezo. Komanso ndinkaona ndithu kuti anzanga a m'zipatala zina ayenera kudziwa, kuti akaona khosi lotere asamangopereka mafuta odzola. Ndinalemba usiku ndi usiku kwa mwezi wathunthu. Pa chithunzi cha nkhope ndinaika kamzere kakuda kotseka maso, monga ndinkaonera m'mabuku akale a matenda a pakhungu. Kenako ndinatumiza ku magazini ina ya kunja.

Yankho la mkonzi linali laulemu koma losapita m'mbali. Anati nkhaniyo saitumiza n'komwe kwa akatswiri oiunika mpaka nditayankha mafunso atatu. Kodi wodwalayo anasainira chilolezo choti nkhani yake ndi zithunzi zake zisindikizidwe? Kodi anaonetsedwa zimene ndalembazo? Kodi anauzidwa kuti zikakhala pa intaneti, pamene aliyense angazione? Anaonjezera kuti kutseka maso pa chithunzi sikubisa munthu.

Ndinapsa mtima. Ndinkati munthu wokhala mu ofesi kutsidya la nyanja akudziwa chiyani za mzere wa anthu 80 amene ndimauona tsiku limodzi. Mayiwo ndinawachiza, anavomera kujambulidwa, anandithokoza ndi mazira, chinanso n'chiyani? Mnzanga wina wa pantchito anandiuza kuti, "Achimwene, musadzivute. Aja amatitumizira ma email tsiku ndi tsiku aja safunsa zimenezo. Mukangolipira madola, sabata imodzi nkhani yatuluka." Amanena zoona, magazini otero alipo ambirimbiri. Mkulu wina wa ku laibulale ya yunivesite ku Colorado, Jeffrey Beall, anachita kuwalembera mndandanda wowachenjezera anthu, umene anautseka mu 2017. Ndinatsegula imodzi mwa ma email awowo, ndinaiwerenga mpaka pansi, ndipo usiku umenewo ndinatsala pang'ono kutumiza.

Chinandiletsa ndi kufuna kumutsutsa mkonziyo. Ndinapita kukawerenga malamulo amene anatchula kuti ndimupeze polakwa. Malamulowo ndi a bungwe la akonzi a magazini a zachipatala lotchedwa ICMJE, limene linayamba ndi kagulu ka akonzi okumana ku Vancouver, m'dziko la Canada, mu 1978. Ndinapeza kuti mkonziyo sanapeke kanthu. Zalembedwa momveka: chilichonse chimene chingachititse wodwala kudziwika chisasindikizidwe pokhapokha ngati n'chofunikadi pa sayansi ndipo mwiniwake walola polemba, ataona nkhaniyo. Ndinapezanso bungwe la COPE, limene akonzi anakhazikitsa ku Britain mu 1997 kuti azithandizana pa milandu yotere. Ine amene ndinkadziwa bwino kuti kafukufuku kuno sayamba asanadutse ku COMREC kapena ku NHSRC, makomiti oona za kafukufuku, ndinali nditadziuza kuti nkhani ya wodwala mmodzi ndi yaing'ono, siifuna zonsezo.

Powerenga ndinakumana ndi nkhani ya Andrew Wakefield, ndipo imeneyi ndi imene inandikhazika pansi. Mu 1998 magazini ya The Lancet inasindikiza nkhani yake yokhudza ana 12, imene inachititsa makolo ambiri kukhulupirira kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Pambuyo pake zinadziwika kuti ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira opanga katemera, ndiponso kuti anawo anapimidwa m'njira zowawa popanda chilolezo choyenera cha komiti yoona za kafukufuku. The Lancet inaibweza nkhaniyo mu Febuluwale 2010, patatha zaka 12, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Wakefield analandidwa chiphaso chake cha udokotala. Chaka chimenecho ine ndimachikumbukira pa chifukwa china: ndi chaka chimene chikuku chinabuka kuno, anthu oposa 130,000 anadwala, ndipo ndinaona ana atagona awiriawiri pa bedi, maso ali psuu. Mliri wathuwo unali ndi zifukwa zake, sindikuukoloweka pa Wakefield. Koma mpaka lero uthenga wochokera ku nkhani yake umandipezabe pa foni, wotumizidwa ndi abale anga enieni. Magazini yaikulu chotero inalephera kuitana mawu ake kuti abwerere. Madzi akatayika saoleka. Nanga nkhope ya mayi aja ikanatuluka, ndikanaiwola ndi chiyani?

Ndinaimbira mwana wawo uja n'kupempha kuti ndiwayendere. Ndinapita Loweruka lina mu Januwale, pa kabaza, nditavala zovala wamba, chifukwa galimoto ya chipatala ikaima pakhomo pa munthu mudzi wonse umayamba kufunsana. Mvula inali itagwa usiku, ndipo malo ena tinkatsika n'kumakankha njinga. Ndinawapeza akuchokera kopalira, khasu lili paphewa. Khosi linali litasalala, kutangotsala kamthunzi.

Anandiyalira mphasa pakhonde la kuseri. Titalonjerana, ndinatulutsa mapepala n'kuyamba kuwawerengera nkhani yonse, mzere ndi mzere, ndikuitembenuzira m'Chichewa. Pamenepo m'pamene ndinayamba kumva ndi makutu anga zimene ndinalemba: zaka zawo, boma lawo, ntchito yawo, chaka chimene anayamba ma ARV, imfa ya amuna awo. Pa kompyuta zinkaoneka ngati mbiri ya matenda. Pa mphasa paja, mwiniwake ali pomwepo, inali mbiri ya munthu.

Kenako ndinawapatsa chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Maso mwatseka, adokotala. Koma mphinizi ndi zanga. Chitenjechi ndi cha amayi a ku mpingo kwathu, dzina la mpingo ndi ili likuoneka apa. Ngakhale mwana wa Sande sukulu angandidziwe."

Ndinali nditachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri, koma maso anga ankangothamangira pa mkanda. Chitenjecho sindinachionepo.

"Intaneti mukunenayo ndi yomwe ija ya pa foni?"

"Eya, mayi, ndi yomweyo."

"Ndiye mwana wanga ali ku Joni uja angathe kuiona?"

"Angathe."

"Iyeyo sadziwa kuti ndimamwa mankhwala. Ndikudikira adzabwere ndidzamuuze ndekha, tili chikhalire ngati mmene takhaliramu. Sindikufuna akamve kwa foni."

Ndinawakumbutsa, mwina pofuna kudzipepuza, kuti tsiku lija ndinapempha ndisanajambule. Anayankha mofatsa, opanda mkwiyo: "Ndimayesa kujambulako ndi mbali ya mankhwala. Komanso munthu ukudwala, ungakanize adokotala?"

Kukamwa kunandiuma. Kwa zaka zonsezo ndinali ndisanaganizepo kuti "eya" wa munthu wodwala, wokhala pa benchi kudikira thandizo langa, si wofanana ndi "eya" wa munthu amene ali pakhomo pake, wachira, ndipo akudziwa kuti akakana palibe chimene ataye. Ndinawauza momveka kuti ali ndi ufulu wokana zonse, ndipo mankhwala awo azilandirabe monga kale.

Anakhala chete, akuthothola udzu m'mphepete mwa mphasa. Kenako anafunsa ngati alipo ena amene akudwala chonchi. Ndinati alipo, ndipo ena akupatsidwa mafuta odzola n'kubwerera kwawo osachira. Anati, "Ndiye lembani, ena asavutike mmene ndinavutikira ine. Koma muike manja okha. Nkhope ayi, chitenje ayi, boma ayi. Za bambo a ana anga muchotse, sizikukhudzana ndi khungu." Tinadutsanso nkhani yonse, iwo akuloza, ine ndikukhwatcha ndi cholembera. Pamapeto anadinda chala pa kalata ya chilolezo, mwana wawo anasaina ngati mboni, ndipo kalata ina ndinawasiyira.

Panatsala chinthu chimodzi chimene mkonzi sanafunse chifukwa sankachidziwa. Ndikanatha kutsanzika osachitchula. Ndinawauza za gulu la WhatsApp lija, kuti chithunzi cha nkhope yawo, chopanda n'kamzere komwe, ndinachionetsa kale kwa anthu oposa 40.

Mwana wawo anaimirira n'kulowa m'nyumba. Mayiwo anayang'ana pansi.

"Anzanuwo ndi achipatala okhaokha?"

"Eya, mayi."

"Alipo wa kuno kwathu?"

"Mmodzi kwawo ndi boma lomwelino."

Anapuma mozama. "Pamenepo mwandilakwira, adokotala."

"Ndakulakwirani, mayi. Pepani."

"Fufutani pano ine ndikuona. Anzanuwo mukawauze nawonso afufute."

Ndinafufuta zithunzi ziwiri zija iwo akuyang'ana pa foni. Pobwerera pa kabaza paja sindinalankhule ndi wondinyamula mpaka pa msewu waukulu. Sabata yotsatira ndinaimbira anzangawo mmodzimmodzi. Ambiri anafufuta, ena anati anasintha foni kalekale, awiri sanayankhe konse. Ngati alipo amene anachitumiza kwina, sanandiuze. Ndinabwereranso kukawafotokozera mayiwo zimenezi monga zinalili, ndipo anangoti, "Ndamva."

Nkhani ija ndinaitumizanso ili ndi chithunzi cha manja okha. Akatswiri awiri oiunika anaibweza ndi mafunso odzaza masamba atatu, makamaka pa funso loti ndatsimikiza bwanji kuti vuto linali isoniazid osati njala yokha, ndipo ndinachita kufewetsa mawu anga pamenepo chifukwa wodwala mmodzi sangatsimikize zimenezo. Tisanamalize n'komwe, mkulu wina wa pantchito amene mayiwo sanawaonepo anandiitanitsa ku ofesi kwake n'kundifunsa kuti dzina lake ndaliika pati, pamene dzina la sisita amene anayamba kuona khosilo linalibe pa pepala. Imeneyo ndidzaikamba m'gawo 13.