Prince of Persia, ndani akuikumbukira?

Anzanga amene tinakulira pa makompyuta a DOS, gemu iyi ndaisowa kwambiri. Inkakwana pa floppy imodzi, koma inkatigoneka mochedwa. Unkapatsidwa mphindi 60 zokha kuti upulumutse mwana wamkazi wa mfumu kwa Jaffar, nduna yoipa ya mfumuyo, ndipo ukafa nthawi sinkabwerera. Zisonga zotumphuka pansi, zitsulo zodula munthu pakati, matailosi ogumuka ukangoponda... m'manja thukuta lokhalokha!

Chimene ndimachikonda mpaka lero ndi kathamangidwe ka kamnyamata kaja unkakayendetsa mu gemuyi. Jordan Mechner, amene anaitulutsa mu 1989, anajambula mng'ono wake pa vidiyo akuthamanga ndi kudumpha, n'kukopera mayendedwewo. N'chifukwa chake kankaoneka ngati munthu weniweni.

Inu munafika paja pokumana ndi chithunzithunzi chako, pomwe umapambana ukabweza lupanga m'chimake?