Tsiku limene ndinatulukira mankhwala a khansa

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira za mankhwala. Pa tchuthi anabwera kwathu ku Mangochi ndi timabotolo khumi, mchere, ndi kaufa kofiirira kamene ankati ndi mazira a tizilombo ta m'madzi a mchere totchedwa brine shrimp.

"Amalume, kufufuza mankhwala a khansa kumayamba chonchi," anatero. Amanyika masamba, madzi ake n'kudonthezera m'kabotolo momwe muli tizilombo khumi, ndipo pakatha maola 24 amawerenga tafa tingati. Mtengo umene wapha tambiri ndi umene amakauyesa pa maselo enieni a khansa mu labotale. Anandilozeranso maluwa apinki amene mayi a kunyumba anadzala pakhonde, akuti ndi periwinkle wa ku Madagascar, ndipo vincristine amene amapatsa ana odwala khansa amachokera mmenemo. Ine maluwawo ndinkangowadziwa ngati pobisalira nkhuku.

Madzulo anapita kukaonera mpira. Ine polowa m'chipinda ndi tochi ndinaona m'timabotolo muja tinthu tikuphiriphitha. Mutu wanga unati: mphutsi za udzudzu! Za brine shrimp zija zinali zitatulukira khutu linalo. Ndipo ife a kunyanja kolera ya 2022 inatiphunzitsa kuti madzi okayikitsa sitinyengerera. Ndinatenga kulorini, kadontho m'kabotolo kalikonse, n'kukagona ngati munthu amene wapulumutsa banja.

Kutacha kunamveka mfuu. "Amalume! Tafa tonse! Nimu wapha, chammwamba wapha, ngakhale masamba a mango apha!" Mnyamata anavina pabwalo opanda nsapato. Mayi a kunyumba analuluta, aneba anasonkhana, wina anafunsa ngati mtengo wake wa mango angayambe kuulondera usiku. Inenso ndinavina nawo, ndisaname, ndikuwerengera kale malata atsopano.

Kenako anatenga kabotolo kotsiriza, kamene sanathiremo masamba alionse, kongoyerekezera. Namonso munali maliro okhaokha. Anakanunkhiza. Anakanunkhizanso, uku akundiyang'ana.

"Amalume, m'chipinda muno munalowa?"

Ndinati ndinangodutsa. Botolo la kulorini linali likusuzumira m'thumba la malaya anga.

Mazira ena anachita kuitanitsa, ndalama yake inatuluka mwa ine, ya usipa mabigiri awiri. Pachitseko pano pali loko, ndipo anyamata a padoko akandiona akumafuula kuti, "Adokotala, lero mwapha zingati?"