Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Ndinu a Chirwa Ati?

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene banja lathu linasamukira ku Zolozolo, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene denga lake la malata akale linkagonja kawirikawiri ku mvula ya ku Mzuzu. Lero ndifotokoza za dzina limene lili kumapeto kwa mayina anga, chifukwa kuyambira mu 1982, ndili ndi zaka 11, dzinali linaleka kukhala chinthu chongolemba pachikuto cha kope, n'kusanduka katundu amene ndinkamusenza kulikonse kumene ndinkapita.

Ine ndine Chirwa. Bambo anga anali Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anakwera ku Mzuzu kudzagwira ntchito ya ukalaliki, pamene mayi anga anali Mchewa wa ku Dowa, ndipo n'chifukwa chake pakhomo pathu tinkalankhula Chichewa ngakhale kuti kunja kwa mpanda kunkamveka kwambiri Chitumbuka, ndipo bambo akapsa mtima ankabwerera ku Chitonga chawo. Chirwa si dzina la banja limodzi ayi, koma ndi mfunda, umene kuno timautchanso chiwongo. A Chirwa alipo pakati pa Atonga, alipo pakati pa Atumbuka ndi Achewa, alipo ngakhale kutsidya kwa malire ku Zambia. Awiri akakumana m'basi amatchulana abale n'kugawana nthochi, koma mutawafunsa kuti makolo awo anasiyana pati, palibe amene angakuyankheni.

Agogo anga aamuna, obereka bambo, ankabwera kudzationa kawiri pachaka atanyamula ufa wa kondowole ndi usipa wouma, ndipo madzulo, tikuwotha mbaula, ankakonda kuwerenga pa zala zawo anthu otchuka a mfunda wathu. Chala choyamba chinali cha a Yuraia Chirwa, amene anagwira ntchito zaka zambiri pambali pa Dr Robert Laws ku mishoni ya Livingstonia. Chachiwiri chinali cha a Wellington Manoah Chirwa, amene anakhala phungu woimira anthu akuda a ku Nyasaland m'nyumba ya malamulo ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ku Salisbury (Harare ya lero), mpaka chipani cha Nyasaland African Congress chinawachotsa mu 1957 chifukwa chokana kutula pansi udindowo. Akafika pa chala chachitatu, agogo ankachipinda osatchula dzina, bambo n'kutsokomola, mayi n'kutituma kukatseka khola la nkhuku limene linali lotseka kale. Ndinakula ndikudziwa kuti pali Chirwa wina wamkulu amene dzina lake silitchulidwa m'nyumba, koma sindinkadziwa chimene anachita.

Munthuyo anali a Orton Chirwa, a ku Nkhata Bay, obadwa mu 1919, Mmalawi woyamba kukhala loya wovomerezeka ataphunzira malamulo ku London. Ndiwo anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, Congress yakale italetsedwa, ndipo anasungira Dr Banda mpando wa utsogoleri mpaka iwo atatuluka m'ndende ya ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, mu 1960. Anakhala nduna ya zachilungamo, koma pa mkangano wa nduna wa mu 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, anasemphana ndi Dr Banda ndipo anathawira ku Tanzania. Kuyambira pamenepo, munthu amene anayambitsa chipani chimene makadi ake tonse tinkakakamizidwa kugula ankatchedwa chigawenga.

Pa 24 Disembala 1981 a Orton Chirwa, akazi awo a Vera, ndi mwana wawo wamwamuna anagwidwa. Boma linanena kuti anagwidwa atalowa m'dziko muno mozemba cha ku Mchinji, pamene eni ake ananena kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Nkhaniyi itamveka pa wailesi, chala chachitatu cha agogo chinapeza dzina, ndipo dzinalo linali m'kamwa mwa aliyense.

Wina angafunse kuti vuto linali pati, popeza ku Mzuzu a Chirwa ndi ambiri ngati mchenga. N'zoona, m'kalasi mwathu mokha tinalimo anayi. Koma masiku amenewo pepala lililonse la boma linkafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ndipo pa anayi tonsefe, ine ndekha ndi amene pambali pa dzina langa panalembedwa Nkhata Bay. Mphunzitsi wina, amene sindimutchula chifukwa nayenso anali ndi mantha ake, tsiku lina poitana mayina anaima pa langa, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kufunsa kalasi yonse ngati ikudziwa kuti ikuphunzira ndi mdzukulu wa chigawenga. Anzanga anaseka, ndipo kuyambira tsikulo mpaka ndinamaliza Sitandade 8 ndinkatchedwa Kachigawenga, ngakhale pa bwalo la mpira pamene ndagoletsa chigoli.

Chimene sindidzaiwala chinachitika Loweruka lina pa chipata cha msika. Achinyamata a chipani, ovala malaya ofiira, anali ataima pamenepo kuyang'ana makadi, monga ankachitira nthawi zambiri, ndipo wopanda khadi sankalowa. Bambo anatulutsa khadi lawo m'thumba la jekete. Mnyamata amene analilandira, wamng'ono kwa bambo ndi zaka zosachepera makumi awiri, analiwerenga pang'onopang'ono, nalitembenuza, n'kufunsa kuti, "Ndinu a Chirwa ati, bambo? Kwanu n'kuti?"

Bambo anayankha mofatsa kuti, "A Chirwa ndi ambiri, achimwene. Ngakhale a Robson Chirwa, nduna ya Ngwazi, ndi a Chirwa."

"Nanga uja ali m'ndende?"

"Ameneyo sitimudziwa. Si m'bale wathu."

Anali atandigwira pamkono, ndipo ndinamva dzanja lawo litanyowa ndi thukuta ngakhale kuti kunali kozizira. Chimene chinandidabwitsa kwambiri si kukanako, chifukwa kunena zoona panalibe ubale wa magazi umene aliyense wa ife akanaulondola. Chinandidabwitsa ndi mawu akuti "ameneyo". Bambo anga anali munthu woti ngakhale mlonda wa kuntchito kwawo ankamutchula kuti "iwo", ndipo ine ndinakwapulidwapo chifukwa chotchula wachikulire ngati mnzanga. Tsiku limenelo ndinawamva akutchula munthu wa msinkhu wa bambo awo ngati kamwana. Tinagula tomato ndi makala, n'kubwerera kunyumba osalankhulana njira yonse.

Mlandu woukira boma unazengedwa ku Blantyre, m'khoti la makolo, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, kotero kuti loya woyamba wa dziko lino anaweruzidwa m'bwalo limene maloya sankalowamo. Mu 1983 iye ndi mkazi wake anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo mu 1984, mayiko akunja ndi mipingo atadandaula kwambiri, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Zambiri mwa izi tinkazimva usiku, bambo atatsitsa mawu a wailesi ya BBC mpaka ankachita kugunditsa khutu pa wailesiyo, mayi ataima pakhomo ngati akuyang'ana nyengo.

M'zaka zimenezo bambo anadumphidwa katatu pa kukwezedwa pantchito, ndipo anapita kumanda akukhulupirira kuti chinawalepheretsa ndi dzina ndi boma lochokera. Pamene ndinkayandikira mayeso a Sitandade 8, mayi anabweretsa maganizo amene mabanja ena kuno kumpoto ankawachita mwakachetechete, akuti andilembetse dzina la kwawo ndi mudzi wa ku Dowa kuti ndisavutike posankhidwa kupita kusekondale. Ndinali kuchipinda, koma khoma lake linali losafika kudenga, ndiye ndinamva zonse. Mayi anati, "Bambo a ana, kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Akatchedwa Phiri sitinanamize munthu." Bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi a ana, kumsika ndinakana kale. M'nyumba mwanga muno musandikanitsenso kachiwiri." Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo mayeso ndinalemba ndili Chirwa wa ku Nkhata Bay. Ndinasankhidwa paulendo wachiwiri, nditabwereza kalasi.

Zaka za kusekondale ndidzazifotokoza pazokha. Ndidumphe ndifike mu 1992, pamene ndinali ndi zaka 21 ndikugulitsa m'sitolo ina ya zipangizo zomangira m'tauni. Chaka chimenecho zinthu zinayenda mofulumira: kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege mu Epulo, ndipo anthu anayamba kulankhula m'mabasi zinthu zimene kale ankaopa kuzilota. Pa 20 Okutobala a Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba, patangopita masabata ochepa kuchokera pamene anaonana ndi akazi awo koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu, ngakhale kuti onse anali m'ndende imodzimodziyo. Tsiku limene tinamva, bambo sanadye nsima. Anakhala pakhonde mpaka usiku atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo mayi atawafunsa ngati akupita kwinakwake, anangoti ayi.

A Vera Chirwa anatulutsidwa mu Januwale 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11, ndipo pambuyo pake anadzipereka pa ntchito yoteteza ufulu wa anthu, mpaka kukhala woyang'anira za ndende m'bungwe la ufulu wachibadwidwe la mayiko a mu Africa. Nthawi zambiri ndimaganizira kuti mayi ameneyu, loya woyamba wamkazi m'Malawi, amene anazunzika ndi dzina la Chirwa kuposa tonsefe amene tinabadwa nalo, anabadwa ali Chibambo ndipo Uchirwa anaupeza pa ukwati. Mayi anga, amene nawonso anaupeza mwa njira yomweyo, ankakonda kukumbutsa bambo mfundo imeneyi akasemphana mawu.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, Dr Banda anadwala n'kupita kukachitidwa opaleshoni ku South Africa mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo dziko linasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Chaka chimodzi chokha chinalekanitsa Chirwa amene anafera m'ndende ndi Chirwa amene anakhala nawo pampando wolamulira dziko. Bambo atamva pa wailesi anaseka koyamba patapita nthawi yaitali, nati chishango chawo cha kumsika chija chakwera mtengo.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandichititsa manyazi, chifukwa mbiri ya munthu imene ili ndi zolakwa za anthu ena okha si mbiri yoona. Chisankho cha 1994 chitatha, dzina lija linatembenuka. Anthu omwewo amene kale ankanditalikira anayamba kundigwira chanza ndi manja awiri, ndipo amene ankanditcha Kachigawenga ankanena dzinalo ngati ulemu. Mu 1995 ndinakafunsira ntchito ku bungwe lina limene linali litangotsegula ofesi mu Mzuzu. Mkulu amene ankandifunsa mafunso anayang'ana kalata yanga, ndipo anafunsa funso lomwe lija la pa chipata cha msika, pafupifupi liwu ndi liwu: "Ndinu a Chirwa ati? A ku Nkhata Bay? Ndiye kuti malemu aja ndi abale anu?" Ine ndinaweramitsa mutu monga amachitira munthu wofedwa, n'kunena kuti, "Ndi agogo athu a kumudzi, bwana." Mwa mfunda, mawuwo akanatha kutetezedwa, koma ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndinkafuna kuti mkuluyo amve. Ntchitoyo ndinaipeza.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo ndikuseka, ndikuyesa kuti nawonso aseka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, ali moyo m'ndende tinawakana kuti tigule tomato. Lero ali m'manda ukufuna uwadyere?" Sindinapeze choyankha. Ntchito sindinaisiye, chifukwa ndinali nditatomera kale ndipo ndinkafuna ndalama, koma patapita miyezi ingapo ndinapeza mpata wouza mkulu uja kuti ubale wathu ndi wa mfunda chabe. Iye anangogwedeza mutu, ndipo ndikuganiza kuti anali ataiwala kale.

Masiku ano msewu waukulu wa pakati pa tauni yathu umatchedwa Orton Chirwa Avenue, ndipo ndimaudutsa pafupifupi tsiku lililonse. Ana anga akafunsidwa kusukulu ngati msewuwo ndi wa agogo awo, ndinawauza kuti aziyankha kuti ndi wa mfunda wathu, basi.

Bambo anamwalira mu 2004. Titabwerako kumaliro ku Nkhata Bay, ine ndi mayi tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo kuti tigawe zovala. Pansi penipeni panali chithunzi cha Dr Banda cha m'felemu, chimene chinapachikika pabalaza pathu ubwana wanga wonse mpaka bambo anachitsitsa mu 1994. Mayi anati felemuyo ikadali yabwino, ndichotsemo chithunzicho kuti tiikemo cha bambo. Nditawongola timisomali ta kumbuyo n'kuchotsa katoni, panagwa kapepala kofiirira kodulidwa m'nyuzipepala yakale, kopindidwa kanayi. Kanali chithunzi cha a Orton Chirwa akadali ndi mphamvu zawo, atavala suti, ndipo m'munsi mwake munali chaka cha 1961 cholembedwa ndi pensulo m'zilembo za agogo. Ndinawaonetsa mayi. Iwo anachiyang'ana, nachibwezera m'manja mwanga, n'kunena kuti ankadziwa, popeza ndi iwo amene ankapukuta fumbi pa felemuyo zaka zonsezo.