Pepala limene ndinakana kusayina kupolisi

Anandimanga Lachiwiri m'mawa chifukwa cha matumba 40 a simenti amene anasowa pamalo pomwe ndinkagwira ntchito ya ulonda. Lamba, zingwe za nsapato ndi foni ndinazisiya pa kauntala, n'kulowa m'chitokosi.

Madzulo wapolisi wofufuza milandu anandiitanira mu ofesi kuti anditenge sitetimenti. Anayamba ndi chenjezo lija lakuti sindikukakamizidwa kunena kanthu, koma chimene ndinganene chilembedwa ndipo chikhoza kukakhala umboni kukhoti. Anathamanga nalo, mwina ena sadziwa n'komwe kuti achenjezedwa. Kenaka anandikankhira pepala lolembedwa kale m'Chingerezi, cholembera chili pamwamba pake.

"Bambo, ingosayinani apa, nkhaniyi ithere pompano mukaone ana."

Kunena zoona, dzanja linafuna kutola cholemberacho. Njala inali itandipweteka, ndipo mkazi wanga anali panja chikhalire ndi kontena ya nsima. Chinandigwira mtima ndi zimene ndinamva kwa paralegal wina, mlangizi wa zamalamulo amene si loya, atabwera kudzaphunzitsa kudera kwathu. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limati womangidwa auzidwe m'chilankhulo chimene amamva kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu.

Dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwathu ndinawauza. Pa za simenti ndinati, "Bwana, mlanduwu ndikuukana, zina ndikayankha kukhoti." Anakalipa ndithu, koma analemba pepala lina la mizere iwiri. Ndinapempha kuti andiwerengere m'Chichewa, mawu ndi mawu, ndipo ndinasayina pokhapo pomwe panathera mawu anga.

Kuopsa kwa pepala loyamba lija ndinakumvetsa pambuyo pake, loya wa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, atandifotokozera. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola khoti kulandira chivomerezo ngati umboni ngakhale mwini wake akudandaula kuti anachita kumuumiriza. Woweruza amangoyenera kukhutira popanda chikaiko kuti mawuwo ndi a woimbidwa mlanduyo komanso kuti zili m'menemo n'zoona. Ine lamulo limeneli limandiwawa, chifukwa munthu wosauka, wosadziwa Chingerezi, ukasayina umakalimbana ndi dzanja lako lomwe pamaso pa majisitireti.

Lachinayi m'mawa, maola 48 amene lamulo limapereka kuti womangidwa akaonekere kukhoti asanakwane, ananditengera kukhoti. Ndinakana mlandu, ndipo belo inatheka abale awiri atandiimira.

Mlandu utayamba, ntchito yobweretsa umboni inali ya boma, osati yanga. Anabwera ndi mboni zitatu. Palibe inandiona ndi simenti, ndipo zinadziwika kuti makiyi a kosungira katundu ankasunga anthu enanso awiri. Boma litamaliza, majisitireti anagamula kuti ndilibe mlandu woti ndiyankhe. M'bokosi la mboni sindinalowemo. Ndinatuluka, mkazi wanga akundidikira pansi pa mtengo wa mango, tinakwera minibasi ya kwathu.